Anandimetera Maliro Ndili Moyo

Golomoti,
Lachiwiri masana.

Pasikale mwana wanga,

Ndakhala pansi pa bwemba kuseri kwa nkhokwe. Anthu onse apita kumsika wa thonje, ndipo ine ndikukulembera ngati uli kutali, chonsecho denga la nyumba yako ndikuliona apo patsidya pa khwawa, kumudzi kwa akazi ako. Ndikudziwa kuti ndikakuitana ubwera ndithu, ukhala cham'mbali, uziyankha kuti "Ndamva, a Mbewe," maso ali kunjanji. Ndiye ndati bola pepala. Pepala ukhoza kuliwerenga m'sitima popanda kundiona nkhope.

Mawa ukupita ku Balaka kukaonana ndi mzungu womanga misewu uja, amene kapitawo wake wakulonjeza ntchito ya ukalaliki. Amalume ako a Zakeyo avomera kale. Ine sanandifunse, ndipo sindikudabwa. Mkamwini pamudzi pano amafunsidwa denga likadontha, osati za mwana. Koma iweyo sunavomere. Gwira chimenecho. Mpaka pamene ukatsegule pakamwa pamaso pa mzunguyo ukadali mfulu, ndipo nthawi yofunsa ndi yomweyo. Ukangoti "Inde bwana," funso lililonse limene ungafunse pambuyo pake lidzatchedwa mwano.

Za malipiro sindikuuza. Zimenezo ukafunsa wekha, aliyense amafunsa. Inenso ndinafunsa, ndipo ndi chokhacho chimene ndinafunsa. Zina zonse ndinazidziwa zitandigwera.

Ukamufunse kuti azidzakuitana ndani. Usaseke. Ine ndinachoka muno iwe uli kumsana, njanji itangofika kumene. Ndinali nditakhalako zaka zingapo kuseminale ndisanaone amayi ako n'kusintha maganizo, choncho Chingerezi ndinkachidziwa, Chilatini chomwe, ndipo ndinkati palibe mzungu angandipusitse. Ndinakafika pa famu ina ya fodya kupitirira Halale. Mwini famu anali pakhonde ndi galu wake, ife tili pamzere padzuwa. Atafika pa ine anati, "Dzina?" Ndinati, "Venansio Mbewe, bwana." Anayesa kulitchula, lilime linakana. Anayesanso, n'kuseka. Kenaka anaona pensulo imene ndinaipanika kukhutu kuti aone kuti ndine wophunzira, ndipo anati, "Iwe ndiwe Pensulo." Anthu pamzere anaseka. Inenso ndinaseka, Pasikale. Ndinaseka kuposa onse. Ndinkayesa kuti bwana akakupatsa dzina ndiye kuti wakukonda. Dzina limene ndinalandira paubatizo, la munthu woyera, ndinalisiya pakhonde pomwepo ngati chisoti chakutha. Kukomboni tonse tinali otero: Supuni, Foloko, Sikisi, Machesi. Patapita chaka panalibe ndi mmodzi yemwe pa famupo amene akanakuuza kuti Venansio ndi uti.

Iwe akakakufunsa dzina, ukatchule lonse, Pasikale Mbewe wa ku Golomoti, ndipo ukaone kuti walemba lomwelo. Akalephera kutchula, mubwerezere mwaulemu mpaka alithe. Lilime lake si lolemera kuposa lako. Mayina a agalu ake amawatha bwinobwino.

Ukamufunsenso kuti chitupa chako chizikhala ndi yani, ndi kuti tsiku limene udzafune kuleka ntchito udzatani. Ine ndinapereka changa ndi manja awiri, ngati ndikupereka chopereka kutchalitchi. Anachiponya m'kabati n'kukiya. Dziko lija sungayende pamsewu wopanda chitupa, apolisi akugwira. Sungalembedwenso ntchito kwina ngati bwana wako woyamba sanalembepo kuti wakumasula. Fodya atatha chaka choyamba ndinapita kukapempha. Anati, "Ukamaliza matikiti ako." Tikiti imodzi inali mwezi umodzi wa ntchito, ndipo apo ndi pamene ndinaphunzira kuti mwezi wa bwana si mwezi wa kumwamba uja. Tsiku limene wadwala silili m'mwezi wake, tsiku limene mvula yakulepheretsani silili m'mwezi wake. Matikiti atatha anati nazale yayamba, ndidikire tiwokere. Titawokera anati ndidikire tithyole. Titathyola anati ndani asankhe fodya m'chigafa, popeza wodziwa kulemba ndinali ndekha. Maphunziro anga amene ndinkanyadira ndi amene anandimanga. Supuni, amene sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anamumasula. Ine ayi.

Iwenso ukupita ngati wodziwa kulemba. Amalume ako akuuza aliyense pamsika kuti mwana wa mlongo wawo wapeza ntchito ya pampando. Pampando pamene sungadzukepo pamene wafunira si pampando, mwana wanga. Ukafunse za khomo lotulukira usanalowe.

Za Lamulungu ndichita manyazi kulemba, koma ndilemba. Sindinafunse ngati kuli tchalitchi pafupi. Munthu wochokera kuseminale, woyimba nyimbo za Chilatini pa Misa ku Mua, sindinafunse! Fodya wa kumeneko amaumitsa ndi moto m'mabalani, ndipo moto uja suzima Lamulungu. Poyamba ndinkagwada kuseri kwa balani n'kupemphera kolona. Kenaka ndinkapemphera chiimirire, ndikusonkhezera nkhuni. Kenaka ndinkangokhudza kolona m'thumba. Pasaka inadutsa osalapa, inanso inadutsa. Tsiku lina ndinafunsa kapitawo ngati ndingapite kumishoni imene ndinamva kuti ili kuseri kwa mapiri. Anati, "Pensulo, Mulungu wako akudziwa kusonkhezera moto? Akabwera kudzakugwirira, upite." Ndinaseka. Ukuona kuti nkhani yanga yonse ndi ya munthu amene ankaseka pamene anayenera kufunsa.

Msewu nawo sudzaima chifukwa belu lalira. Ukamufunse mzunguyo poyera: Lamulungu timagwira kapena ayi? Akati nthawi zina, umufunse kuti nthawi zina zake ndi ziti. Ndipo munthu akadwala kwambiri, kodi galimoto ya kampani ingapite kukatenga wansembe? Akakwiya ndi funso limeneli, wakuyankha kale.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pansi pano. Kapitawo wa mzungu wa misewu uja wanena yekha kuti msasa wawo sukhala malo amodzi. Akamaliza mlatho uno amasamuka, akamaliza chigawo chino cha msewu amasamukanso. Masiku ano akuti Chitaganya chatiphatikiza ndi maiko aja, ndiye msewu wotere ukhoza kukutulutsa m'Nyasalande iwe osadziwa. Ukamufunse: kwathu kukagwa zovuta, uthenga udzandipeza bwanji? Kalata ilembedwe kuti? Lamya ikachokera pasiteshoni pano, idzafikira m'manja mwa yani, ndipo munthuyo akundidziwa ndi dzina liti? Wachibale akabwera ndi miyendo kudzandifuna, adzaloledwa kulowa kuti andione ndi maso?

Ine makalata ndinkalemba. Tinkaponya m'thumba limene linkapachikidwa pasitolo ya bwana, ndipo sindinafunsepo kuti thumbalo limapita kuti, kapena limapita liti. Yankho silinabwere. Amayi ako akuti analandira imodzi yokha, ya m'chaka choyamba. Sindinganene kuti wina ankataya dala, sindinaone. Koma ndisakunamize, pambuyo pake ndinaleka ndekha kulemba. Ndinalibe choika m'kati mwa kalata, ndipo ndinkachita manyazi kutumiza mawu okhaokha. Ndinkati ndidzalemba zinthu zikayenda. Limenelo ndi tchimo langa, ndipo ndinalilapa kale kwa ansembe, ngakhale kwa iwe sindinalilapepo. Kalata yopanda kanthu ndi yabwino, Pasikale. Imanena kuti uli moyo. Ukalembe ngakhale ulibe choika.

Machesi ndamutchula kale. Anali mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, munthu wamfupi, woseketsa, wodziwa kusoka maukonde ngakhale kumeneko kunalibe nyanja. Anali wa ku Mtakataka, ndiye tinkatchulana kuti achimwene. Ankandinena kuti, "Inu a ku Golomoti, nsomba mumaidziwa itauma basi. Ikakhala yamoyo mukhoza kuithawa." Ankakamba za mkazi wake ndi ana ake aakazi awiri. Chaka china mvula ili pakati anadwala malungo aakulu. Ndinapempha ngolo yomutengera kuchipatala, anati ng'ombe zili kumunda. Ndinapempha kuti ndikaitane wansembe, anati balani ikhala ndi yani. Anafera m'manja mwanga. Tinamuika pafupi ndi chulu kumalire a famu, madzulo titaweruka, chifukwa masana sakanatilola. Pomuwerengera mapemphero ndinafika pamalo potchula dzina la womwalirayo, ndipo ndinaima. Sindinkalidziwa. Munthu ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zonsezo, ndinkadya naye phoso m'mbale imodzi, dzina lake lenileni sindinalifunsepo. Ndinamupereka kwa Mulungu kuti Machesi.

Chilimwe chotsatira amalume ako a Zakeyo, akuchokera kumigodi, anapatuka kudzandifuna chifukwa amayi ako anawachonderera. Anafika pachipata cha famu n'kufunsa mlonda za Venansio Mbewe. Mlonda anati kuno kulibe munthu wotero. Anafunsa kapitawo, anati sitikumudziwa. A Zakeyo anati, "Ndi wa ku Nyasalande, kumunsi kwa Dedza, kufupi ndi nyanja." Apo kapitawo anati, "Oo, ameneyo anamwalira dzinja lathali," n'kuwatengera pachulu paja. Anagwada, analira, anatapa dothi pang'ono n'kumanga pakansalu, nabwera nalo kuno. Tsiku limenelo ine ndinali m'chigafa, ndikusankha fodya. Akanakuwa mwamphamvu ndikanamva. Akanati akufuna Pensulo, mwana aliyense wa pakomboni akanawalozera.

Zotsatira zake ukuzidziwa kuposa ine, chifukwa unalipo. Analira maliro. Ansembe anandichitira Misa ya akufa, ndipo sanalakwe, anauzidwa ndi mboni yoona manda. Amayi ako anameta. Iwenso anakumeta, kamutu kako kakang'ono. Abale anga anabwera kudzawasudzula amayi ako, kuwamasula kuti si akazi athunso, akhoza kukwatiwa. Patapita nthawi anakwatiwa ndi a Lukiyo, amisiri a matabwa aja, ukwati wa m'tchalitchi, wolengezedwa bwinobwino. Rozina mlongo wako anabadwa. Inu munali banja, ndipo ine ndinali kuthyola fodya wa munthu wina, ndikudzitonthoza kuti kwathu akundidikira.

Chitupa changa ndinachiona nkhondo yaikulu ija ili kutha, famu itagulitsidwa. Mwini watsopano anatsegula kabati muja n'kuyamba kuitana mayina, ndipo atati "Venansio Mbewe" ndinayang'ana uku ndi uku ngati anzanga. Ndinali nditaiwala kuyankha.

Nditatsika sitima pano, mayi wina wogulitsa masawu pasiteshoni anandiyang'ana, anataya lichero n'kuthawa akukuwa. Panjira mkulu wina ananditapira dothi n'kundiwaza kuti aone ngati ndizimirire. Ine ndinkangoti anthu a kuno apenga ndi dzuwa. Ndinafika pabwalo apa ndi sutikesi yanga pamutu. Amayi ako anali pamtondo, Rozina ali kumsana. Munsi unawagwa m'manja. Sanathawe, sanakuwe. Anangoti, "Inu, si tinakumeterani?" Mawu oyamba amene mkazi wanga anandilankhula ndi amenewo. Iwe unatuluka m'nyumba, unandiyang'ana, n'kufunsa a Lukiyo kuti, "Ababa, alendowa ndani?"

Mlandu unapita kwa ankhoswe, unapita kumishoni. Lamulo la Mpingo ndi lodziwika, ndipo ine amene ndinaliphunzira sindikanalitsutsa: mwamuna woyamba ali moyo, ukwati wachiwiri palibe. A Lukiyo sanakangane ndi munthu. Anamanga sowo, kasemasema ndi mpeni wopalira matabwa m'chiguduli, anandipatsa moni ndi manja awiri, nati, "Akulu, nyumbayi denga lake ndakonza chaka chino, lisakuvuteni." Anatsika kunka kunyanja. Iwe unawathamangira mpaka kunjanji ukulira, ndipo amene anakubweza ndi amalume ako, atakunyamula paphewa. Ndinaima pakhomo n'kumaonerera. Anthu ankati mwanayu wapeza bambo ake. Ine ndinaona ndi maso kuti tsiku limenelo unataya bambo. Kuyambira pamenepo ndine a Mbewe kwa iwe, ndipo sindinakukakamizepo kuti usinthe.

A Zakeyo mpaka lero akamwa amati, "Ine manda ndinawaona ndi maso angawa. Wolakwa ndi amene anauka." Anthu amaseka. Ine ndinaleka kuseka. Ndimawakhululukira Loweruka polapa, pofika Lachitatu ndawakwiyiranso. Ndi munthu yemweyo amene lero wavomera kuti upite kumsasa wopanda malo, osafunsa ngakhale funso limodzi, chifukwa kapitawo anamugulira mowa n'kumutchula kuti bambo wa kalaliki.

Ndipo pali china chimene sichindigonetsa. Nditakhazikika ndinapita ku Mtakataka kukafuna abale a Machesi. Ndinayenda m'midzi, ndinafika kumadooko kumene amayanika usipa, ndikufunsa za munthu wamfupi wosoka maukonde amene anapita ku Halale n'kusiya ana aakazi awiri. Mayi wina anandiseka, nati, "Bambo, mwatchula theka la amuna a kuno. Dzina lake ndani?" Ndinati Machesi. Anati, "Machesi tigula kusitolo." Ndinabwerera. Ndiye kwinakwake kumeneko kuli mayi amene sanamete, amene amati mwamuna wake ndi mtchona, anamuiwala, mwina amamutukwana, pamene munthuyo anafa akutchula ana ake. Mkazi wanga analira wamoyo, mkazi wa mnzanga akudikira wakufa, ndipo dothi la pamanda pake lili kumanda kwathu kuno, m'dzina langa. Zonsezi chifukwa anthu awiri akuluakulu, ine ndi a Zakeyo, sitinafunse mafunso amene mwana akanafunsa.

Choncho ukafunse, Pasikale. Ukamufunse kuti munthu akadwala msasa n'kusamuka, amamunyamula kapena amamusiya. Ukamufunse kuti munthu akafa pantchito amauza yani, ndipo amadziwa bwanji kwawo. Ukamufunse ngati amalola kupita kumaliro a kholo, kapena kukaona mwana wobadwa kumene, ndi kuti pobwera malo ako udzawapeza. Ukamufunse kuti msewu ukadzatha adzakusiya kumene wathera kapena adzakubweza kumene anakutenga. Ufunse modzichepetsa, chisoti chili m'manja, koma ufunse. Ndipo usamvere pakamwa pokha. Uyang'ane ngati akuyankha iwe kapena akuyang'ana kale munthu amene ali kumbuyo kwako pamzere.

Ukachoka pamaso pake, usathamangire kuvomera. Upemphe kuti uyankha dzuwa likapendeka, ndipo upite kumene antchito ake akudyera. Ukhale nawo pansi. Usawafunse ngati ntchito ndi yabwino, adzati ndi yabwino, munthu sanyoza goli limene lili pakhosi pake pamaso pa mlendo. Uwafunse kuti kwawo anapitako liti komaliza. Uwafunse kuti kalata yomaliza analandira liti. Kenaka uloze mmodzi amene wakhala patali, ufunse anzakewo kuti, kodi uyo dzina lake la kwawo ndani, mudzi wake ndi uti? Akayang'anana osayankha, nyamuka, ukakwere sitima yobwerera.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuopa kutsika pasiteshoni pano wopanda ntchito, anyamata anzako akukufunsa kuti ukalaliki watha kale kodi, amalume ako akulavula pansi. Udzanene kuti ndine ndinakuletsa. Aseke ine, ndinazolowera, ndine munthu amene anauka kwa akufa popanda womufuna. Thonje tilima, msonkho tipeza mmene tapezera zaka zonsezi. Kubwerera mawa ndi manyazi n'kopepuka. Ine ndinabwerera mochedwa, ndi sutikesi yodzaza, ndipo palibe chimene chinali m'katimo chimene chinakonza kanthu. Nsalu imene ndinawagulira amayi ako sanaivalepo. Ili pansi pa bokosi mpaka lero.

Akayankha bwino, pita, sindikuletsa. Ntchito si tchimo, ndipo mutu uli nawo. Koma mnzako woyamba amene ukagone naye chipinda chimodzi, usiku woyamba womwewo, umuuze dzina lako lonse, mudzi wako, dzina la mkazi wako ndi la mfumu ya kwanu, ndipo iyenso akuuze zake. Muzibwereza mpaka aliyense aziloweza ngati katekisimu.

Ngati ukufuna kutsikira kaye kunyanja kukatsanzika a Lukiyo usanapite kutali, pita. Usachite kubisa monga unachitira pa ukwati wako. Ndinadziwa, ndipo sindinakwiye. Anakulera bwino munthu uja, ndipo dalitso lake ndi lolemera kuposa langa.

Tereza mkazi wako ali ndi pakati. Sitinena, koma tonse tikuona. Dzulo anadutsa pano akuchokera kumadzi, anagwada kundipatsa moni, ndipo mpango unamusereruka. Tsitsi lake ndi lambiri, lakuda bwino, ngati mmene linalili la amayi ako chaka chimene ndinkachoka. La amayi ako silinamerenso chimodzimodzi. Ndinayang'ana kumbali, ndipo ndi pamene ndinaganiza zopempha pepala ili kwa aphunzitsi.

Ine anandimetera kale, ndiye ndikadzafa zenizeni sindikudziwa ngati alipo adzavutikenso. Zimenezo zilibe kanthu. Koma lumo lisakhudze mutu wa Tereza iwe uli moyo kwinakwake, ukuyankha dzina la chiwiya.

Amayi Maria akuyang'anire panjira. Kolona yanga ndaikulunga m'pepala lomweli. Mtanda wake unathyoka mbali imodzi kuchigafa kuja, koma imapempherekabe.

Ndine bambo ako, ngakhale pakamwa pako sipanatulukepo mawu amenewo,

Venansio Mbewe.